Njiwa zofanana: momwe mungazisiyanitsire, ndi poti app ya pafoni muikhulupirire mpaka pati

Njiwa ndi mbalame zomwe aliyense amaganiza kuti amazidziwa, mpaka tsiku lomwe wafuna kutchula dzina lenileni la yomwe yatera patsogolo pake. Mukajambula n'kuponya chithunzicho mu app yozindikira mbalame, imakupatsani dzina pompopompo, mukaponya chithunzi china cha mbalame yomweyomweyo itangotembenuka pang'ono, dzina lasintha. Nde munthu umangoti kakasi, kaya ukhulupirire loyamba kaya lachiwiri. Zomwe ndikufuna mutolepo apa ndi izi, app ija ndi yothandiza kwambiri ndipo ine ndimaikonda, koma ntchito yake ndi kukuuzani mitundu iwiri itatu yoti muyambirepo, chigamulo chomaliza chimachokera pa diso la mbalameyo, mchira wake ndi kulira kwake, ndipo zimenezi mukuyenera kuziona ndi kuzimva nokha.

Njiwa ndi nkhunda zonse ndi banja limodzi lotchedwa Columbidae, muli mitundu yoposa 300 padziko lonse. Zambiri sizivuta. Zomwe zimazunguza mutu ndi za gulu la Streptopelia, zija zotuwa zokhala ndi kamzere kakuda kumbuyo kwa khosi, kakolala kosafika kutsogolo. Mu Africa muno kumwera kwa Sahara zilipo zitatu zomwe zimapezeka malo amodzi kawirikawiri, pena mpaka kumwa madzi pa chithaphwi chimodzi: ring-necked dove yomwe mabuku ena amati Cape turtle dove, red-eyed dove, ndi African mourning dove yomwe ma app ena amati mourning collared dove. Mayina ake ndikuwasiya momwe amatulukira pa sikirini ya foni kuti mukawaona musasokonezeke.

Musayambire pa mtundu wa nthenga

Apa ndi pomwe anthu ambiri amagwera. Wina amati "inali yapinki pachifuwa", wina amati "ayi inali yotuwa", pamene onse akunena mbalame imodzi, kungoti wina anaiona m'mamawa dzuwa likungotuluka kumene, wina masana pamthunzi. Dzuwa la m'mawa ndi lamadzulo limafiiritsa njiwa iliyonse, mthunzi umaidetsa, ndipo kamera ya foni nayo imasintha mitundu mwa iyo yokha osakufunsani. Ndiye mtundu wa thupi muuike kumapeto. Yambani ndi diso.

Ring-necked dove diso lake ndi lakuda bii, palibe khungu lofiira lozungulira, ndipo mukaiyandikira bwinobwino muona kamzere kakang'ono kakuda kochoka padiso kupita kumlomo. Nkhope yake imaoneka yoyera bwino, yopanda zambiri. Red-eyed dove diso lake ndi lofiira moderapo, lozunguliridwa ndi khungu lofiira lopanda nthenga, chipumi chake n'chotuwa mowala kusiyana ndi mutu wonse womwe umapita kupinki. African mourning dove nayo ili ndi khungu lofiira lozungulira diso, koma disolo palokha ndi lowala, lachikasu, pa mutu wotuwa, moti olo muli pataliko mumaona ngati ikukuyang'anitsitsani.

Vuto ndi lakuti kufiira kwa diso la red-eyed dove sikuwala ngati momwe dzinalo likumvekera. Ikakhala patali kapena pamthunzi, diso ndi khungu lija zimangosakanikirana n'kuoneka ngati kadontho kakuda basi, nde munthu umathamangira kuti ndi ring-necked. Ma app nawo amakodwa pamenepa. Mukaona diso lakuda pa mbalame yomwe ili patali musatseke nkhani, pitani kumchira.

Mchira sunama kwenikweni, makamaka mbalameyo ikamauluka kapena ikamatera, nthawi yomwe imautambasula. Ring-necked dove nthenga za m'mbali mwa mchira zili ndi nsonga zoyera mbee, ikanyamuka pansi mumaona zoyerazo mbali zonse ziwiri. Red-eyed dove ilibe choyera kumchira ngakhale pang'ono, ili ndi lamba wakuda wodutsa pakati kenako kunsonga konse kotuwa. Choncho njiwa ya kolala ikauluka inu osaona choyera chilichonse, maganizo anu apite ku red-eyed. African mourning dove ili ndi nsonga zoyera ngati ring-necked, ndiye ziwirizi mchira sungakusiyanitsireni, mubwerere kudiso. Ikakhala pa waya kapena panthambi pamwamba panu, yang'anani kumimba ndi pansi pa mchira: ring-necked ndi yoyera kumeneko, red-eyed ndi yotuwa.

Kukula kumathandiza koma pokhapokha zili pamodzi. Red-eyed ndiyo yaikulu pa zitatuzi, masentimita 30 kapena kuposerapo, yathupi ndithu, ring-necked imakhala cha m'ma 25 mpaka 27, mourning ili pakati. Pa chithunzi cha mbalame imodzi yokha ili pa nthambi, kukula simungakuyeze, ndipo kukazizira njiwa imafufumitsa nthenga n'kuoneka yaikulu kuposa momwe ilili.

Kulira

Kunena zoona njiwa zambiri mutha kuzitchula musanazione n'komwe, ndipo kulira ndi umboni wamphamvu kuposa chithunzi chosaoneka bwino. Werengani timagawo ta nyimbo yake. Ring-necked imalira katatu, "ku-KURRR-ku", gawo lapakatilo ndi lalitali komanso logubuduza, nde imabwereza mobwerezabwereza osatopa, nthawi zina mpaka usiku kukakhala mwezi. Red-eyed imalira timagawo 6, awiri oyambirira omveka kwambiri kenako anayi otsatizana, mawu ake ndi okulirapo. African mourning dove chodziwikira chake ndi phokoso lija logubuduza pakhosi, "krrrrrr", lotsika kumapeto, ndipo imakonda mitengo ya m'mbali mwa mitsinje ndi nyanja kumalo otentha. Chenjezo limodzi, ring-necked nayo ikamatera panthambi imatulutsa kaphokoso kokhadzula kofananako, ndiye mukamva "krrr" kamodzi kokha dikirani kaye imbe nyimbo yake yonse.

Laughing dove anthu amaiphatikiza pagululi koma siyovuta, ilibe kolala kumbuyo kwa khosi. M'malo mwake ili ndi timadontho takuda pa khosi kutsogolo pamwamba pa chifuwa, msana wofiirira, m'mapiko muli kabuluu kotuwa, thupi lowonda, mchira wautali. Mukaona mawanga kutsogolo m'malo mwa mzere kumbuyo, nkhani yatha.

Tinjiwa tating'ono ta m'tchire ta gulu la Turtur nato tili ndi mapasa ake: emerald-spotted wood dove ndi blue-spotted wood dove. Tonse ndi ta masentimita pafupifupi 20, tabulauni, tikauluka m'mapiko mumaoneka mofiirira. Mayina akuti kena kali ndi madontho obiriwira papiko kena abuluu, koma madonthowo amawala pokhapokha dzuwa lawamenya bwino, apo ayi onse amangooneka akuda. Ndiye musadalire madontho, yang'anani mlomo. Blue-spotted mlomo wake ndi wofiira wokhala ndi nsonga yachikasu, emerald-spotted mlomo wake ndi wakuda. Malonso amathandiza, emerald imakonda tchire louma, blue-spotted imakonda konyowa, m'mphepete mwa nkhalango zowirira.

Kwa amene muli ku Ulaya, Asia kapena America

Kumeneko mutu umawawa ndi Eurasian collared dove ndi African collared dove, kuphatikizapo ija yoweta yochokera ku African collared yomwe amati Barbary dove, yomwe imathawa m'makola n'kumakhala kunja. Eurasian ndi mbalame yomwe yafalikira mochititsa chidwi, inafika ku Britain m'zaka za m'ma 1950, ndipo zina zitathawa ku Bahamas m'zaka za m'ma 1970 zinaolokera ku Florida n'kudzaza pafupifupi North America yense. Kuzisiyanitsa kwake kuli pansi pa mchira. Eurasian nthenga zophimba pansi pa mchira ndi zotuwa, ndipo pa nthenga ya kunja kwenikweni ya mchira kuda kumatsetsereka m'mphepete kupitirira pomwe kwathera pa nthenga zinazo. African collared ndi Barbary pansi pa mchira ndi poyera, nthenga zazitali za m'mapiko ndi zowalirapo, sizisiyana kwambiri ndi thupi. Kulira nakonso n'kosiyana, Eurasian imati "ku-KUU-ku" mosagubuduza, inayo imayamba ndi "ku" kenako kugubuduza kwakutali. Chovutitsitsa n'chakuti ziwirizi zimatha kuswana, ana ake amatenga uku ndi uku, ndipo app iliyonse ikakumana ndi yotere imangoikankhira mbali imodzi.

Palinso maunda, njiwa zomwe zangotuluka kumene m'chisa. Izi kolala imakhala isanatuluke kapena ikungoyamba kumene, nthenga zake zimakhala ndi m'mphepete mowala zooneka mamba-mamba, diso silinafike mtundu wake weniweni. Mukaona njiwa yotere yang'anani zazikulu zomwe ili nazo pafupi, nthawi zambiri makolo sakhala patali.

Tsopano za ma app

Omwe anthu ambiri amagwiritsa ntchito ndi Merlin Bird ID, iNaturalist ndi mng'ono wake Seek, komanso Google Lens. Merlin ndi ya Cornell Lab of Ornithology ku America, inatuluka mu 2014, ndi yaulere, kuzindikira mbalame pa chithunzi kunabwera pambuyo pake, kenako mu 2021 anaonjezera Sound ID yomvetsera kulira. iNaturalist inayamba mu 2008 ndipo inayamba kupereka mayina pa zithunzi mwa kompyuta mu 2017. Google Lens siyopangidwira mbalame, imazindikira chilichonse kuyambira nsapato mpaka maluwa, ndiye pa njiwa zofanana ine ndimaiika kumapeto.

Momwe zimagwirira ntchito ndi chonchi: kompyuta imaonetsedwa zithunzi zambirimbiri zomwe anthu anazilemba kale mayina, Merlin imatenga ku Macaulay Library komwe kumasungidwa zithunzi ndi mawu zomwe anthu amatumiza kudzera pa eBird, webusaiti yolembapo mbalame zomwe munthu waona, iNaturalist imatenga pa zomwe anthu ake anaika n'kugwirizana dzina. Kuchokera pamenepo imaphunzira kuti zithunzi za dzina lakuti zimaoneka mwakuti. Siidziwa kuti "diso lachikasu ndiye mourning dove" ngati momwe inu mwadziwira pano, imangoyerekeza chithunzi chanu chonse ndi zomwe inaonapo, mpaka nthambi, waya ndi mtundu wa kumbuyo zimatha kuikoka. Ili ngati mwana wa sukulu pa mayeso osankha A, B, C amene salola kusiya funso lopanda yankho, olo yankho lolondola palibe pa pepala amachongabe limodzi. Muipatse njiwa yosakanizika magazi, njiwa yoweta yothawa, kapena chithunzi chomwe diso ndi mchira sizikuoneka, dzina ikupatsanibe, ndipo pa sikirini lidzaoneka laukhondo chimodzimodzi ngati lolondola.

Izi sizikutanthauza kuti ndi yachabechabe ayi. Pa chithunzi chowala bwino, mbalame yaikulu msinkhu, itaima cham'mbali, ya mtundu womwe anthu aujambula kwambiri, imalondola kawirikawiri ndipo munthu woyamba kumene imamupulumutsa kutsegula buku tsamba ndi tsamba. Pomwe imafooka ndi pomwe anthu nafenso timafooka, mitundu yosiyana pa kanthu kakang'ono. Komanso zithunzi zomwe inaphunzirapo sizinachokere mofanana padziko lonse, ojambula ndi ochuluka ku North America ndi ku Ulaya, ndiye mbalame za kumeneko imazidziwa mozama kuposa za madera omwe otumiza zithunzi ndi ochepa. Sound ID nayo inayamba ndi mbalame za ku United States ndi Canada n'kumaonjezera madera ena pang'onopang'ono, choncho musanaidalire onani kaye mu app momwemo ngati mitundu ya komwe muli ilimo. Ikakhala kuti mulibe, itha kungokhala chete kapena kutchula ina yolira mofananako.

Kuti ikuthandizeni bwino

Choyamba penipeni, malo ndi tsiku. Merlin imakufunsani kuti chithunzichi munajambulira kuti komanso liti, chonde musadumphe pamenepa. Ndi zomwe imasefera mndandanda kuti ichotse mbalame zomwe kuderalo kulibe. Mukasiya lokeshoni yolakwika, kapena chithunzi chinabwera pa WhatsApp pomwe zambiri za malo ndi tsiku zimafufutika, mutha kulandira mourning dove ya ku America, yomwe ndi mbalame ina kotheratu, ya gulu la Zenaida, yopanda kolala, ya mchira wosongoka ndi madontho akuda m'mapiko, yosagwirizana ndi African mourning dove. Pa iNaturalist yang'anani ngati pa dzinalo alembapo kuti mtunduwo umayembekezeka kupezeka pafupi. Mupangenso dawunilodi mbalame za dera lanu mu Merlin, ikatero imagwira ntchito olo kulibe netiweki.

Koma sefa yomweyi ili ndi mbali ina. Mbalame zili ndi mapiko, pena imodzi imasochera kutali ndi kwawo, ndipo app yosefedwa ndi malo idzaikakamiza kukhala ya mtundu wofala pamenepo. Ngati zomwe maso anu akuona sizikugwirizana ndi dzina lililonse pa mndandanda, yesani kuchotsa sefa ya malo muone zomwe itulutse.

Kenako kadulidwe ka chithunzi. Kokani mpaka mbalameyo idzaze bokosi, mchira usadulidwe, ndipo ngati pali njiwa zingapo iliyonse payokhapayokha, chifukwa pa gulu limodzi pakhoza kukhala mitundu iwiri kapena itatu. Musaponye chithunzi chimodzi n'kukhutira. Ponyani cha m'mbali, cha kutsogolo, cha pansi pa mchira ngati chilipo. Zonse zikabweretsa dzina limodzi pamwamba ndiye kuti muli pa njira yabwino, zikamasinthasintha app ikukuuzani mwa njira yake kuti siyikutsimikiza, olo sinalembe choncho. Ndipo musangoona dzina lapamwamba lokha, tsikani muone lachiwiri ndi lachitatu, tsegulani zithunzi zake, kenako dzifunseni kuti kodi chosiyanitsa awiriwa ndi chani, nanga pa chithunzi changachi chikuoneka? Ngati chosiyanitsa ndi diso ndipo pa chithunzi chanu mbalame yatembenukira uko, ndiye kuti app nayo sinalione, yangolota.

Kajambulidwe kamafunika kusintha pang'ono mukadziwa zimenezi. Dzuwa likhale kumbuyo kwanu. Njiwa yomwe ili pa waya kumwamba kuli mbee imatuluka yakuda yonse, apapa dinani pa mbalameyo pa sikirini n'kukweza kuwala. Samalani ndi zumu ya foni mukaikoka mpaka kumapeto, chifukwa foni imadzaza yokha zomwe sinaone bwino, imasalaza nthenga, kakhungu kofiira kozungulira diso kamatha kuzimiririka kapena kuonekera pomwe palibe. Bola kuyandikira pang'onopang'ono, njiwa zikakhala pansi zikudya zimapirira munthu woyenda modekha osaziyang'ana mwachindunji. Njira yomwe ndimaikonda kwambiri ndi vidiyo yaifupi m'malo mwa chithunzi. Vidiyo imagwira mutu ukutembenuka, imagwira kulira ngati yalira, ndipo ikauluka mumaimitsa pa nthawi yomwe mchira watambasuka n'kutenga sikirinishoti. Amene muli ndi mabayinokula, ikani kamera ya foni pa diso lake limodzi, zimavuta kulunjika poyamba koma chithunzi chimatuluka bwino kuposa zumu.

Komanso lembani zomwe mwaona musanatsegule app. Mawu ochepa chabe, "diso lakuda, mchira nsonga zoyera, yalira katatu". Mukayamba ndi app, dzina lija limakhala m'mutu ndipo maso amayamba kuona zomwe dzinalo likufuna, diso lakuda limayamba kuoneka lofiirira chifukwa choti sikirini yati red-eyed.

Mukafuna kutumiza zomwe mwaona

Apa ndi pomwe ndimadandaula kwambiri, chifukwa dzina lolakwika likangokhala mu foni mwanu palibe chaonongeka, koma likalowa pa eBird kapena iNaturalist limakhala gawo la zomwe ofufuza amagwiritsa ntchito pojambula mapu a komwe mbalame zimapezeka. eBird inayamba mu 2002 ndipo ili ndi anthu odzipereka m'madera osiyanasiyana omwe amaunika malipoti achilendo, akakulemberani kufunsa umboni musakhumudwe, atumizireni zithunzi zonse ndi zomwe munalemba zija. Koma iwo amagwira kwambiri zachilendo, red-eyed yolembedwa ngati ring-necked kudera komwe zonse ziwiri ndi zofala imangodutsa osaonedwa ndi aliyense. Pa iNaturalist chithunzi chimafika pa Research Grade, chizindikiro choti dzina latsimikizika, anthu oposa magawo awiri mwa atatu a omwe apereka dzina akagwirizana, ndiye taganizani, inu mwavomera dzina la kompyuta osaunika, mnzanu wabwera wadina Agree pongofuna kukuthandizani nayenso osaunika, basi cholakwika chija chasanduka chotsimikizika, chitha kupita mpaka ku GBIF komwe asayansi amatenga deta, ndipo zithunzi zomwezo ndi zomwe kompyuta idzaphunzirepo ulendo wotsatira. Musadine Agree pa mbalame yomwe inuyo simungathe kufotokoza chifukwa chake.

Ngati diso silinaoneke, mchira sunatambasuke, mbalame sinalire, siyani dzina pa gulu. Pa iNaturalist lembani Streptopelia basi, kapena Columbidae ngati olo gululo simukutsimikiza, odziwa adzabwera kudzapitiriza ndipo ambiri mukawafunsa mwaulemu kuti aona chani amafotokoza bwinobwino. Pa eBird pali mwayi wolemba "Streptopelia sp." komanso mayina awiri olekanitsidwa ndi kamzere monga Eurasian/African Collared-Dove, anaziika dala chifukwa cha mbalame zoterezi. M'bokosi la ndemanga lembanimo zomwe munaona ndi zomwe zinabisika, mwachitsanzo kuti kolala inalipo, pansi pa mchira panali poyera koma mutu unali pamthunzi, kuti wodzaunika adziwe poyambira.